Mano oikirira ogwedera angathe kukhazikika, okalamba athu auzidwe

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndikambepo za vuto limene okalamba ambiri amalipirira mwakachetechete, lomwe ndi la mano oikirira ogwedera, makamaka a m'munsi, komanso za njira yowakhazikitsira imene madokotala a mano m'maiko ambiri akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ngakhale kwathu kuno anthu ambiri sanaimvepo. Munthu amene mano ake onse anatha amaganiza kuti njira zilipo ziwiri zokha. Yoyamba ndi kuvala mano ochotseka amene amangosanjikidwa pa usinini, ndipo yachiwiri, ya anthu achuma, ndi kuikitsa mano osachotseka amene amamangidwa pa tizitsulo tambiri tolowetsedwa m'fupa. Pakati pa njira ziwirizi pali ina imene ine ndikuona kuti ndiyo yoyenera okalamba ambiri, ndipo iyi ndi ya mano ochotseka omwewo koma ogwiriziridwa ndi tizitsulo tiwiri tokha, timene madokotala amatitchula kuti ma implant.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mano a m'munsi amagwederera, popeza okalamba ambiri amadziimba mlandu kuti alephera kuwazolowera, ndipo ena amakwiyira amene anawapanga pamene vuto lili kwina. Fupa la nsagwada limene limagwira mizu ya mano limakhalapo chifukwa cha manowo. Dzino likazulidwa, fupa lozungulira muzu wake limayamba kuchepa, mofulumira kwambiri m'chaka choyamba, kenaka pang'onopang'ono kwa moyo wonse wa munthuyo. Katswiri wina, Antje Tallgren, anatsatira anthu ovala mano oikirira kwa zaka zofika 25, ndipo zimene anafalitsa mu 1972 zinasonyeza kuti kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi fupa limatha pafupifupi kanayi kuposa mmene limathera kumwamba. Izi zikutanthauza kuti mano amene anapangidwa bwino ndi kukwana bwino pa tsiku loyamba amapezeka kuti akhwepa patapita zaka zochepa, chifukwa chitunda cha usinini chimene anakhalapo chaphwa pamene iwo ali chimodzimodzi. Mano a m'mwamba amapulumukirako chifukwa amaphimba kumwamba konse kwa m'kamwa, ndipo malovu amawathandiza kumatirira pamalo aakuluwo. A m'munsi alibe mwayi umenewo, pakuti amakhala pa kamzere kopyapyala kokhota, mkati akukankhidwa ndi lilime, kunja akukankhidwa ndi masaya ndi mlomo nthawi iliyonse imene munthu alankhula, kuseka kapena kumeza. Fupa likatha kwambiri, manowo amafika potsamira pa mtsempha umene umapita ku mlomo wa m'munsi, ndipo munthu amamva ululu kapena dzanzi akangoyesa kutafuna.

Zotsatira zake timaziona m'mabanja mwathu koma sitizitenga ngati matenda. Agogo amene ankakonda chimanga chowotcha, mtedza wokazinga, nzimbe ndi nyama ya mbuzi amasiya zonsezi chimodzichimodzi mpaka kutsala ndi phala, nsima yofewa yomezera msuzi, ndi tiyi wa shuga wambiri. Kuchipatala amawalangiza kuti adye masamba, zipatso ndi zakudya zomanga thupi, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, koma palibe amene amafunsa ngati ali ndi chotafunira. Vuto lina, limene mwina limapweteka koposa njala, ndi manyazi. Mayi anga aang'ono, amene anaimba kwaya ya mpingo kuyambira ali mtsikana, anasiya kuimba chifukwa choopa kuti mano angawagwe pamaso pa anthu, ndipo pa ukwati kapena pa maliro ankakana chakudya ponena kuti akhuta, pamene ife tonse tinkadziwa kuti akadyera kunyumba atavula manowo. Munthu wamkulu amene ayenera kulangiza ana, kuweruza milandu ya pamudzi kapena kulankhula pa chinkhoswe akayamba kutseka pakamwa ndi dzanja, banja lonse limataya kanthu. Ena amagula mankhwala omatira mano m'mafamase, ndipo amathandizadi kwa maola angapo, koma sabwezeretsa fupa limene latha, komanso ndalama zake zimatuluka mwezi ndi mwezi.

Njira imene ndikunenayi imayenda motere. Dokotala amayamba wajambula nsagwada kuti aone kuchuluka kwa fupa lotsala ndiponso pamene padutsa mitsempha. Kenaka, atabaya jakisoni wochititsa dzanzi monga amachitira pozula dzino, amalowetsa tizitsulo tiwiri ta titaniyamu tokhala ndi mazinga m'fupa la kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi, pafupi ndi pamene panali mano osongoka aja. Malo amenewa amasankhidwa dala, chifukwa fupa lake ndi lolimba, limatsalako ngakhale kwa munthu amene anataya mano kalekale, ndipo mtsempha waukulu wa m'nsagwada umakhala utatulukira kale chakumbuyo. Tizitsuloti timasiyidwa kwa miyezi pafupifupi itatu kuti fupa limere ndi kutigwira, ndipo pambuyo pake pamwamba pa kalikonse amaikapo kamutu kotulukira pa usinini. Mkati mwa mano oikirirawo amaikamo timabowo tokhala ndi pulasitiki wofewa pang'ono, kotero kuti munthu akawavala ndi kuwakanikiza, amamangika ngati batani lodina la pa malaya a mwana. Madokotala ena amalumikiza tizitsuloti ndi kachitsulo kopingasa kamene manowo amakagwira, ndipo ena amagwiritsa ntchito maginito kwa okalamba amene zala zawo zilibe mphamvu. Munthuyo amawavula yekha madzulo, nawatsuka, nawavalanso m'mawa, koma masana onse amakhala osasuntha polankhula ndi potafuna.

Owerenga ena angaope kumva za chitsulo cholowa m'fupa, ndipo mantha amenewo ndi omveka, choncho ndi bwino adziwe kuti nzeru imeneyi si ya dzulo. Mu 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, amene sanali ngakhale dokotala wa mano, ankafufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu pogwiritsa ntchito kachipangizo ka titaniyamu. Atafuna kukachotsa anapeza kuti fupa lakagwira kotheratu, ndipo anazindikira kuti thupi la chamoyo silikana chitsulo chimenechi monga limakanira zitsulo zina. Mu 1965 mumzinda wa Gothenburg anaika tizitsulo totere m'nsagwada ya munthu woyamba, Gösta Larsson, ndipo bamboyo anakhala nato tikugwira ntchito mpaka pamene anamwalira mu 2006, patapita zaka zoposa 40. Msonkhano umene unachitika ku Toronto mu 1982 ndiwo unachititsa kuti madokotala a ku America ndi maiko ena avomereze njirayi. Poyamba ankaika tizitsulo tambiri n'kumangapo mano osachotseka, koma posakhalitsa zinaoneka kuti kwa munthu wovutika ndi mano a m'munsi ogwedera, tiwiri tokha timasintha moyo wake kwambiri. Mu 2002 akatswiri anakumana ku McGill University mumzinda wa Montreal, ndipo ataunika umboni umene unalipo anagwirizana kuti munthu amene alibe mano onse m'munsi, chithandizo choyamba chomuganizira chikhale mano ochotseka ogwiriziridwa ndi tizitsulo tiwiri. Akatswiri a ku Britain anabwereza mfundo yomweyo mumzinda wa York mu 2009. Kafukufuku wa zaka zambiri akusonyeza kuti pa tizitsulo 100 toikidwa m'nsagwada ya m'munsi, toposa 90 timakhala tidakali m'malo patatha zaka khumi.

Ndikudziwa kuti ana ambiri amene ali ndi ndalama, makamaka amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku London, angafune kugulira makolo awo mano osachotseka poganiza kuti chodula ndicho chabwino. Ine ndikuona kuti kwa munthu wokalamba mano ochotseka ogwiriziridwawa ali ndi ubwino umene osachotseka alibe. Kutsuka pansi pa mano osachotseka kumafuna maso akuthwa, zala zomvera ndi tizipangizo tapadera, ndipo zonsezi zimachepa munthu akamakula. Mano ochotseka amatsukidwa ali m'manja, ndipo ngati agogo adwala sitiroko kapena afooka, mdzukulu angathe kuwavula ndi kuwatsukira popanda vuto. Chinanso n'chakuti fupa likatha, milomo ndi masaya zimalowa mkati, ndipo pulasitiki wa mano ochotseka amadzaza malo amenewo n'kubwezeretsa maonekedwe a nkhope. Akathyoka amakonzedwa mosavuta, ndipo nthawi zina, ngati mano amene munthu ali nawo kale adakali abwino, dokotala amangowaboola n'kuikamo timabowo tija osapanganso atsopano. Kuwonjezera apo, fupa lozungulira tizitsuloti limachepa pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi mmene likanathera pansi pa mano ongosanjika.

Kumwamba nkhani imasinthako. Fupa la nsagwada ya m'mwamba ndi lofewerapo, ndipo m'mbali mwa mphuno muli mphako zimene zimachepetsa malo oikapo tizitsulo, choncho kumeneko pamafunika tinayi kapena kuposerapo, ndipo kuchira kwake kungatenge miyezi isanu ndi umodzi. Ubwino wake ndi wakuti pulasitiki yophimba kumwamba kwa m'kamwa ingathe kuchepetsedwa, zimene zimathandiza anthu amene amachita mseru akavala mano. Koma popeza mano a m'mwamba ambiri amagwira okha, munthu wa ndalama zochepa ayambe ndi m'munsi.

Pali zinthu zimene munthu ayenera kuuzidwa mosabisa asanavomere, chifukwa iyi ndi opaleshoni ngakhale ili yaing'ono, ndipo si aliyense amene ingamuyenere. Munthu amene matenda ake a shuga sakulamulirika amachedwa kupola ndipo bala lake limagwidwa msanga ndi tizilombo, choncho ayenera kuyamba watsitsa shugayo. Wosuta fodya ali pa chiopsezo chachikulu chakuti fupa lilephere kugwira tizitsuloti. Amene analandira chithandizo cha khansa chowotcha ndi cheza m'mutu kapena m'khosi, ndiponso amene akulandira mankhwala ena olimbitsa mafupa, makamaka obaya m'mitsempha kwa odwala khansa, ayenera kumuuza dokotala za zimenezi, pakuti nsagwada yawo ingathe kukana kupola. Omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi nawonso anene. Ukalamba pawokha suletsa, ndipo munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV koma akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino angathe kuthandizidwa monga wina aliyense. Ndanena izi chifukwa anthu ambiri amadzichotsa okha pa mzere asanafunse n'komwe.

Ntchito sithera pa tsiku lovala manowo. Tizitsulo sitibooka ngati dzino, koma usinini ndi fupa lotizungulira zimadwala ngati litsiro lisiyidwa, ndipo matendawa akakula fupa limatha mpaka kachitsulo kugwedera n'kuchotsedwa. Choopsa chake n'chakuti poyamba sapweteka, amangoonekera mwa kutuluka magazi potsuka. Munthu ayenera kutsuka timitu tija ndi mswachi wofewa m'mawa ndi madzulo, kutsuka manowo ndi sopo wamba osati madzi otentha amene amapotoza pulasitiki, ndiponso kugona atawavula kuti usinini upume ndi kupewa mafangasi a m'kamwa. Pulasitiki wa m'timabowo tija amatha ndi kuvala ndi kuvula, ndipo amafunika kusinthidwa nthawi ndi nthawi, ntchito ya mphindi zochepa ngati zipangizo zake zilipo. Popeza fupa la kumbuyo limapitiriza kuchepa, manowo amafunanso kuwonjezeredwa pulasitiki pansi pakapita zaka. Apa ndi pamene ndikufuna kuchenjeza amene amapititsa makolo awo ku South Africa kapena ku India kukalandira chithandizo chotere. Makampani opanga tizitsuloti ndi ambiri, ndipo zipangizo za kampani imodzi kawirikawiri sizigwirizana ndi za ina. Munthu akabwerako opanda chikalata chonena dzina la kampani, mtundu ndi kukula kwa tizitsulo timene anamuika, dokotala wa kuno amasowa pogwira ngakhale pa vuto laling'ono. Chikalata chimenecho chifunsidwe asanakwere ndege yobwerera, ndipo ndi nzeru kukambirana ndi dokotala wa mano wa kuno ulendo usanachitike kuti adziwe amene adzapitirize kuwaona.

Wina anganene kuti m'dziko limene anthu amayenda mtunda wautali kukazulitsa dzino lopweteka, ndipo chipatala china chimasowa ngakhale jakisoni wa dzanzi, kukamba za titaniyamu ndi kulota masana. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu ndipo sindikuipeputsa. Tizitsuloti timagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pamafunika makina ojambulira ndi malo aukhondo kwambiri, ndipo mtengo wake ndi woposa kutali wa mano oikirira wamba. Ndalama za boma ziyenera kuyamba zapita ku kupewa, kuphunzitsa ana kutsuka mano ndi mankhwala okhala ndi fluoride, kuchepetsa shuga, ndi kumata mano obooka m'malo mowazula. Komabe bungwe la World Health Organization likuti pa dziko lonse pafupifupi 23 mwa anthu 100 alionse a zaka 60 kapena kuposerapo alibe dzino ndi limodzi lomwe, ndipo pamene Amalawi akukhala ndi moyo wautali kuposa kale, anthu otere adzachuluka pakati pathu. Ambiri mwa iwo adzakhutira ndi mano wamba opangidwa bwino, ndipo ena amene akudandaula lero angathandizidwe pongowonjezera pulasitiki pansi pa mano awo akale kapena kuwapangira atsopano. Koma pali kagulu kamene fupa lawo latheratu moti ngakhale mmisiri waluso chotani sangawapangire mano ogwira, ndipo anthu amenewa ndiwo ayenera kudziwa kuti njira ilipo, kuti iwo ndi ana awo asankhe okha chochita ndi ndalama zawo.

Palinso nzeru ina yotsika mtengo imene ikugwirizana ndi nkhaniyi, ndipo ndikufuna kuti aliyense amene watsala ndi mano ochepa aimve. Kalekale tizitsulo tisanafale, madokotala ankasiya mizu iwiri yolimba, makamaka ya mano osongoka a m'munsi, n'kuichiza, kuidula mofanana ndi usinini, kenaka n'kupanga mano oikirira okhala pamwamba pake. Mizu imeneyi imasunga fupa loizungulira, imathandiza munthu kumva mphamvu imene akutafunira, ndipo ingathe kuikidwanso timitu togwira manowo. Kwathu kuno munthu akatopa ndi kupweteka amauza dokotala kuti angochotsa onse zithe, ndipo nthawi zina pempholi limamveka msanga. Asanazulitse mano awiri kapena atatu omaliza a m'munsi, munthu afunse kaye ngati mizu yake ingapulumutsidwe, chifukwa chimene akutaya tsiku limenelo adzachifuna ndi ndalama zambiri pambuyo pake.

Dziko lathu lakhala ndi madokotala a mano ochepa kwambiri, osakwana 50 m'zaka zochepa zapitazo, ndipo ntchito yaikulu yakhala ikugwiridwa ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Zinthu zinayamba kusintha mu 2019 pamene College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inatsegula maphunziro oyamba a udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa. Pempho langa kwa aphunzitsi a kumeneko ndi lakuti ophunzira athu atuluke akudziwa bwino kupanga mano oikirira okwana, kusunga mizu, kuzindikira munthu woyenera tizitsulo, ndi kusamalira amene anaikidwa kale kwina. Amisiri opanga mano m'malabotale nawonso asaiwalike, chifukwa tizitsulo tabwino pansi pa mano opangidwa mwachisawawa sitithandiza kanthu. Ku Unduna wa Zaumoyo ndikupempha kuti uganizire zoti chipatala chachikulu chimodzi kapena ziwiri zizipereka chithandizochi kwa odwala amene mano wamba awakanika kotheratu, pogwiritsa ntchito mtundu umodzi wa tizitsulo kuti zipangizo zosinthira zizipezeka nthawi zonse. Mabungwe a inshulansi ya zaumoyo nawo aunikenso chizolowezi choona chithandizo chotere ngati chongokongoletsa, pakuti munthu amene sangathe kutafuna ndi wodwala. Ndipo banja lililonse limene likuganiza zopita ku chipatala cholipira liyambe latsimikiza kuti dokotalayo ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, lifunse kuti anaphunzira kuti ntchito imeneyi, ndiponso lilandire mtengo wonse wolembedwa, kuphatikizapo wa kusintha tizipangizo m'zaka zotsatira.

Kwa inu a Mkonzi, ndikupempha kuti muitane dokotala wa mano wodziwa za okalamba adzayankhe mafunso a owerenga pa tsamba lanu la zaumoyo, m'Chichewa chomveka, ndipo ayambe ndi kufotokoza zizindikiro zimene munthu angadziwire kuti mano ake oikirira afika pofunika kukonzedwa.

Ine wowerenga wanu,
ku Zomba